Ulendo wopanda katundu: kuchoka ku Nigel, kudzera ku Maputo, mpaka ku Ulongwe

Anthu angapo akhala akundifunsa kumbali za njira ya ku Mozambique, ija yoyambira ku Maputo, kuti imayendeka bwanji kwa munthu wosadziwa Chipwitikizi. M'malo moyankha mmodzimmodzi ndati ndilembe kamodzi. Nkhaniyi ndi yaitali, ndiye ngati bandulo yatsala pang'ono sungani kaye mudzawerenge madzulo.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo geni ya ku Joni ndinayamba mu 2006. Masiku ano ndikatsika ndimafikira ku Duduza, ku Nigel, kwa akulu anga. Njira yanga ndi yomwe ambiri mukuidziwa: Park Station, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, Mwanza. Ntchito yathuyi imatidutsitsa maiko atatu maso ali pa ngolo ya basi. Basi ikaima timathamangira kukawerenga mabelo, ikanyamuka timawerengera za kasitomu. Munthu akhoza kudutsa mu Tete zaka 18 osadziwa kuti msika wa kumeneko uli mbali iti.

Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo nonse mukudziwa zimene zinachitikira mpamba wathu. Amene ananditenga mabulangete pangongole anabweza ndalama zoti sizikanagulanso bulangete lomwelo. Pofika June 2024 ndinali ku Nigel ndi tindalama tochepa, ndipo nditakhala pansi ndi kope, masamu anakana. Kuoda, kulipira ngolo, kulipira msonkho, kudya panjira, chotsala chinali thukuta basi. Ndinaganiza zosiya theka la ndalamazo kwa akulu anga, n'kubwerera kumudzi wopanda katundu, podzera njira imene ndinali ndisanayendepo. Zolinga zinali ziwiri: kuona ndi maso anga zimene anzathu akugulitsa mbali imeneyo, komanso kukaona anthu anayi amene akhala akundiitana kwa zaka.

Ndinatenga chikwama cha kumsana, chonga cha mwana wa sekondale. Munali zitenje ziwiri, madiresi atatu, juzi, sopo, neti ya udzudzu, mankhwala a mutu ndi a m'mimba, pawabanki, kope ndi cholembera. Pansi pake ndinamangirira bulangete limodzi latsopano, mphatso ya munthu wamkulu amene ndimutchule kutsogoloku. Akulu anga anandiyang'ana n'kunena kuti, “Iwe, anthu akakuona pa boda aziti wathamangitsidwa.”

Kuchoka ku Duduza ndinakwera tekisi mpaka ku Johannesburg, kenako basi ya usiku ya ku Maputo pa Park Station. Imadzera eMalahleni, Mbombela ndi Komatipoort, ndipo boda yake ndi Lebombo mbali ya South Africa, Ressano Garcia mbali ya Mozambique. Ndi pasipoti ya Malawi viza safuna, amakupatsani masiku 30. Akangodinda, musachoke pawindo musanawerenge tsiku limene alemba. Mbali ya South Africa nayo samalani masiku anu, chifukwa chiyambire 2014 munthu wopitiriza masiku amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi mpaka zisanu. Ndalama sinthani zochepa pa boda, zongokwanira madzi, chapa ndi simu khadi. Chapa ndiye minibasi yawo. Ine ndinagula ya Vodacom chifukwa cha M-Pesa, koma anthu a m'midzi ambiri ali pa Movitel ndi e-Mola, ndiye funsani mnzanu amene mukupitako kuti ali pa iti.

Pa boda imeneyo ndinaima manja lende, anzanga akutsitsa makatoni. Thupi linkangonditumiza ku ngolo ngati mayi amene wasiya mwana penapake. Mphindi zochepa ndinali nditatha zonse, ndili pamthunzi ndikudya buledi. Ndinadziwa tsiku limenelo kuti chimene chimatitopetsa pa boda si mtunda koma mantha a katundu.

Woyamba kumuona anali mayi wa ku Matola, mzinda woyandikana ndi Maputo. Tinadziwana zaka zapitazo ku Dragon City tikukanganirana katoni imodzi ya nsapato, ndipo chiyambire timalankhulana Chizulu chothyokathyoka. Kwawo anthu a geni ya pa boda amatchedwa mukherista. Iye anasiya kale kupita ku Johannesburg. Amangowoloka kukafika ku Komatipoort, pafupifupi makilomita 100 kuchoka kwawo, n'kukatenga anyezi, mbatatesi ndi mazira, kawiri pa sabata. Anandidzutsa 3 koloko m'bandakucha kupita ku Zimpeto, msika waukulu wopikulitsa wa ku Maputo, kuti ndione mmene matumba amathera dzuwa lisanatuluke.

Pobwerera anandifunsa kuti mpamba wanga umazungulira kangati pa mwezi. Ndinati kamodzi. Anaseka n'kutambasula zala zisanu ndi zitatu. “Mana,” anatero, ndiko kuti achemwali, “phindu langa pa thumba ndi laling'ono kuposa lanu pa bulangete, koma langa limabwera Lachiwiri ndi Lachisanu. Ndalama ikagwa mphamvu imandipeza nditagula kale katundu wina.” Mawu amenewo ndinawalemba m'kope. Iwonso ali ndi chipereganyu, amachitcha xitique, ndipo amachilemekeza ngati lamulo la boma.

Ndinayendanso ku Xipamanine ndi m'mashopu a zitenje a m'tauni. Chitenje amati capulana. Mapatani ake ndi okongola ndipo mayi aliyense ali nacho m'chikwama, koma nditaphatikiza mtengo wake ndi mtunda wofika ku Lilongwe, ndinaona kuti kwa ine sizikanalimbana ndi zitenje zolowera ku Songwe ndi ku Mchinji. Kudziwa kuti chinthu sichingakupindulire ndi phindu kale. Mlatho wa Katembe, umene anatsegula mu 2018, ndinangouona ndili m'mphepete mwa nyanja.

Za kukhala mlendo ndinene pompano, chifukwa ulendo wotere umaima pa zimenezi. Mlendo ndi mame. Ine pakhomo pa munthu sindinapitirire masiku atatu. Tsiku loyamba ndinkadya zimene andikonzera popanda kufunsa mtengo. Tsiku lachiwiri ndinkadzuka ndi tsache, kenako ndinkapita nawo ku msika n'kugula ndiwo, makala ndi shuga ndisanauzidwe. Tsiku lachitatu ndinkatsanzika anthu akadali ndi chilakolako choti ndikhalebe. Ndalama m'manja mwa mwini nyumba sindinkapereka, ena amaona ngati mwawayesa resitihausi. Ndinkapatsa ana ya makope.

Mabasi opita kumpoto amanyamukira pa Junta, ndipo amachoka kusanache, choncho tikiti gulani dzulo lake. Msewu wake ndi EN1. Pa Macia anyamata amathamangira basi ndi timatumba ta castanha, mtedza wa kashu uja. Pa Xai-Xai mumawoloka Limpopo. Ndinayang'ana pawindo osakhulupirira kuti ndi mtsinje womwe uja wa pa Beitbridge, umene abale athu opanda mapepala amawoloka usiku moyo uli m'manja. Kuno unali phee, anthu akulima m'dimba m'mbali mwake.

Ku Maxixe kunali bambo wina wowotcherera zitsulo. Mu May 2008, pamene anthu anaukira obwera ndipo anthu 62 anaphedwa m'dziko la South Africa, ine ndinkafikira m'dera lina la East Rand ndipo mabelo anga anayi anali m'shedi mwake. Usiku umene zinafika kwathu, bamboyu anayamba wanyamula katundu wanga pa wilibala kukamusiya kwa mayi wina wa Chizulu wopemphera nafe. Pobwerera kuti akatenge makina ake anapeza shedi ili pululu. Patapita masiku ochepa anakwera basi ndi mkazi wake ndi ana awiri kubwerera kwawo. Mabelo anayi amenewo ndiwo anali mpamba wanga wonse, ndipo ana anga anaphunzira chifukwa cha iwo. Kuthokoza kwa pa foni kumakhala ndi malire ake. Ndinkafuna ndikagwade pakhomo pake, akazi ake akuona.

Ndinawapeza ali bwino. Ali ndi kashedi m'mbali mwa msewu, amapanga mageti ndi mafelemu a mawindo, ndipo kuseri kwa nyumba kuli mitengo ya kokonati yoposa khumi. Akazi ake anaphika matapa, chigwada chotendera ndi mtedza ndi mkaka wa kokonati, ndi nsima imene iwo amati xima. Nditagwada kuti ndiyambe mawu anga, bamboyo anadzuka n'kupita kukaima panja. Anati zimenezo zinatha kalekale, munthu aliyense akanachita chimodzimodzi. Ine ndikudziwa kuti si aliyense, chifukwa usiku umenewo ndinalipo. Akazi ake ndi amene anakhala pansi n'kundimvetsera mpaka kumapeto.

Madzulo anandifunsa kuti, “Nanga inu ku Joni mudzasiya liti?” Ndinati ana akamaliza sukulu. Anati, “Ine kumene kuja ndinkapeza ndalama zambiri kuposa pano. Koma pano galu akauwa usiku ndimangotembenuka n'kugonanso.” Sindinamuyankhe, ndipo funsolo ndinayenda nalo mpaka ku Tete.

Kuchoka ku Maxixe mumawoloka pa boti kupita ku Inhambane, tauni yakale imene mumaiona kutsidya kwa madzi. M'botimo ndinakhala moyandikana ndi mnyamata ndi mtsikana a ku Argentina, aliyense ndi chikwama chachikulu kumsana. Ankalankhula Chisipanishi kwa wotolera ndalama, iye akuyankha Chipwitikizi, ndipo ankamvana ndithu, monga mmene ife timamvanirana ndi Anyungwe kapena Asena. Mtsikanayo ankadziwa Chingerezi pang'ono, ndiye tinacheza. Anati kwawo achinyamata ambiri amayenda choncho, pa basi, kudzera ku Bolivia ndi Peru mpaka ku Colombia, chilankhulo chili chimodzi njira yonse, ndipo amagona kwa anzawo kapena kwa anzawo a anzawo. Anandifunsa kuti nsapato kwathu timati chiyani. Nditamuuza anawomba m'manja, chifukwa kwawo ndi zapato, ndipo kwa Apwitikizi ndi sapato. Tinapezanso kalata ndi carta, mbatata ndi batata, kapitawo ndi capitão. Mawu amenewa anabwera kwathu kudzera ku Zambezi kalekale, tikuwalankhula osadziwa.

Anandifunsanso ngati Amalawi amayenda maulendo otere. Ndinamuuza kuti agogo anga aamuna anachoka ku Ntcheu wapansi ndi kamtolo pamutu, kudutsa Tete kupita ku Halale, akugona m'midzi ya anthu osawadziwa ndi kugwira ganyu kuti apeze chakudya cha mawa. Ambiri anafika ku Joni motero, osadzera kwa Wenela. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo ankathawa msonkho ndi umphawi, pamene anawa akuyenda chifukwa chofuna kuona dziko. Koma nzeru ya panjira ndi yomweyo: katundu wochepa, ulemu wambiri, ndi dzina la munthu woti ukamutchule kutsogolo.

Chigawo chovuta cha ulendowu ndi chochokera pa mlatho wa Save kukafika pa Inchope. Nthawi imene ndinadutsa, phula anali atatha m'malo ambiri, basi ikuyenda mozemba maenje ngati woledzera. Madalaivala akale akukumbukira kuti mu 2013, 2014 ndi 2016 pakati pa Save ndi Muxúnguè magalimoto ankayenda pamdipiti woperekezedwa ndi asilikali. Pano zimenezo kulibe, ndipo pa Muxúnguè chimene chimakuimitsani ndi nanazi, zotsekemera ngati athira shuga. Tengani madzi okwanira ndi chakudya, ndipo musakhale mpando wakumbuyo.

Penapake pa msewu umenewo anatitsitsa kuti aone mapepala. Munthu wina wovala yunifomu anatenga pasipoti yanga, n'kuitembenuza uku ndi uku, kenako anati pakufunika refresco. Mawuwa amatanthauza chakumwa choziziritsa kukhosi, koma nonse mwamva chimene ankafuna. Ndinamupatsa moni wa boa tarde, n'kumuonetsa ndi chala chidindo cha pa Ressano Garcia ndi tsiku lake, kenako ndinakhala chete ndikumwetulira. Anandisiya ndili chiimire kwa kanthawi, akuyang'ana ena. Mayi wina wachikulire wa m'basi mwathu anabwera kudzaima pambali panga osalankhula kanthu, atapinda manja. Pasipoti inabwerera. Mapepala akakhala bwino musakweze mawu, musathamangire kutulutsa chikwama cha ndalama, ndipo musalole kutengeredwa kuseri nokha. Komanso m'basi muzigawana nthochi ndi oyandikana nawo, chifukwa ndi amene adzakuimireni.

Pa Inchope, EN1 imakumana ndi EN6 yochokera ku Beira kupita ku boda ya Machipanda. Achimwene a matanka mukupadziwa bwino pamenepa, poti mafuta athu ena amadzera ku Beira. Pamenepo ndinapangana ndi dalaivala wina wa kwathu amene tinadziwana pa Mwanza zaka khumi zapitazo. Tinadya nkhuku yowotcha pa kanyumba kena, ndipo anandiuza mosabisa kuti sanditenga pa thiraki chifukwa kampani yake imaletsa ndipo galimoto ili ndi kamera. Amayi anzanga, dalaivala akakana musamuone ngati wouma mtima. Ulendo wanu waulere ukhoza kudyetsa ana ake njala chaka chonse. Chimene anachita chinaposa kunditenga. Anandipereka m'manja mwa mayi wina wophikira madalaivala, wobadwira ku Nsanje koma anakwatiwa konko, n'kunena kuti, “Awa ndi alongo anga, agone pano.” Ndinagona pamphasa ndi ana ake aakazi, neti yanga itagwira ntchito, ndipo m'mawa mwamuna wake anandikweza chapa ya ku Chimoio. Mayiyo sanali pa mndandanda wa anthu anayi aja, koma lero ndi amene amanditumizira uthenga kawirikawiri kuposa onse.

Kuchoka ku Chimoio mumakhotera kumpoto cha pa Vanduzi, n'kudzera Catandica ndi Guro mpaka pa Changara, pomwe msewu umakumana ndi uja wathu wochokera ku Nyamapanda. Kuyambira pamenepo ndi malambe ndi mbuzi, malo amene tonse timawaona pawindo. Ulendo uno ndinatsika mu Tete. Mathiraki masiku ano amadzera pa mlatho wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014, koma ine ndinawoloka wapansi pa mlatho wakale wa Samora Machel, ndikuyang'ana Zambezi pansi panga. Ku msika wa Kwachena ndinalankhula Chichewa, iwo akuyankha Chinyungwe, ndipo malonda anatheka. Ndinalemba mitengo ya nsomba zouma za chicoa zochokera ku Cahora Bassa, ya capulana, ya mafuta ophikira ndi ya sopo. June ndi nyengo yozizira, koma masana juzi ya ku Nigel ija inali yolemetsa chabe.

Munthu womaliza ndiye anali mutu wa ulendo. Mukadutsa Moatize pa msewu wa ku Zobue, pa Mussacama pali mphambano yokwera ku Angónia. Chapa ikamakwera, mphepo imasintha, malambe amatha, mumayamba kuona minda ya chimanga ndi mbatatesi, ndipo anthu m'galimoto amayamba kulankhula Chichewa chenicheni cha ku Ntcheu ndi Dedza. Ku Ulongwe simufunikanso Chipwitikizi.

Achinyamata a pagulu pano mwina sakudziwa kuti nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, Malawi inasunga anthu othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni. Kwathu ku Ntcheu ambiri sanakhale m'makampu, anangomanga m'midzi mwathu, poti malire ake ndi msewu ndipo mitundu ndi imodzi. Ndili wamng'ono kunafika mayi wina ndi ana anayi, mwamuna wake atatsala kunkhondo. Bambo anga anawapatsa malo kuseri kwa nkhokwe. Mwana wawo wachiwiri anali msinkhu wanga. Tinakhala pa benchi imodzi ku pulayimale, tinkatunga madzi limodzi, tinkakwapulidwa limodzi. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, iwo anabwerera kwawo chaka chotsatira, ndipo tinatayana. Nambala yake inandipeza patapita zaka pafupifupi 30, kudzera kwa amayi ogulitsa mbatatesi pa Lizulu.

Anandichingamira pa depoti. Tinayang'anana kanthawi, amayi awiri onenepa a imvi zoyamba, kenako anati, “Iwe, chipsera chija cha pa chipumi chikadalipo?” Anandigwetsa ndi iyeyo mu mtengo wa mapichesi. Tinaseka mpaka anthu kutiunjirira.

Amayi ake ali moyo, koma maso anachita khungu. Ndinagwada pakhonde n'kuwapatsa moni, ndipo anandigwira nkhope ndi manja onse awiri. Nditawafunditsa bulangete lija analisisita n'kufunsa kuti, “Mwanawe, amako ali bwanji?” Ndinawauza kuti anatisiya mu 2011. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anayamba kundiuza zinthu zimene kwathu palibe anandiuzapo. Anati othawa nkhondo ankalandira ufa, nyemba ndi mafuta ophikira, koma analibe nkhuni, ndiwo zamasamba kapena ndalama ya sopo. Amayi anga anali ndi chiwaya ndi nkhuni koma analibe mafuta. Ndiye anagwirizana: wina mafuta, wina chiwaya, n'kumakazinga zitumbuwa zokagulitsa kumsewu kwa anthu a m'mabasi. Madzulo ankathira makobidi pa chitenje n'kugawana pakati, ndipo pa zaka zonsezo sanakanganepo ngakhale tambala imodzi. Yunifomu yanga yoyamba inachokera pa chitenje chimenecho. “Ndiye ukamati umachita geni ya maiko awiri,” anatero, “usamayese wayamba ndiwe. Unayamwira.”

Ndinakhala masiku atatu monga mwa lamulo langa, koma agogowo anakana, ndipo ndinawonjezera awiri. Mwamuna wa mnzangayo amalima mbatatesi, nyemba ndi soya. Tinakhala pansi ndi kope lija, tinawerengera thumba, thiransipoti ndi za pa boda, ndipo tinagwirizana kuyamba pang'ono. Ku Joni sindinasiye, ndikulemba izi ndili ku Nigel. Koma pano ndimatsika mwa apo ndi apo, ndipo pakati pake ndimayenda mtunda waufupi wa Ulongwe, Dedza ndi Lilongwe, kumene mpamba umabwerera sabata yomweyo monga anandiphunzitsira mayi wa ku Matola. Si chuma, koma fizi ya teremu yatha inachokera pamenepo. Amene mukufuna kuyesa zokolola, yambani mwafunsa ku maofesi a pa boda za ziphaso zofunika pa mbewu imene mukufuna kulowetsa, chifukwa malamulo ake amasinthasintha ndi nyengo.

Potuluka ndinadzera pa boda ya Calomue kulowa ku Dedza. Apa mverani bwino. Chigawo cha pakati pa Dedza ndi Ntcheu munthu akhoza kungodumpha msewu n'kukhala ali ku Malawi, ndipo abale a konko adzakuuzani kuti palibe vuto. Kwa iwo palibedi. Koma inu amene munalowa ndi chidindo pa Ressano Garcia muyenera kutulukanso ndi chidindo, apo ayi pasipoti yanu izidzaonetsa kuti mukadali mu Mozambique, ndipo mlandu wake udzakupezani pa Zobue kapena pa Cuchamano muli ndi katundu wa mamiliyoni pa ngolo.

Ulendo wonse unanditengera masiku 16. Mitengo ya mabasi sindilemba chifukwa yasintha kuchokera nthawi imeneyo, koma ndalama zambiri zinapita pa thiransipoti ndi pa ndiwo za m'makomo mmene ndinkafikira. Malo ogona olipira sindinagonepo ngakhale usiku umodzi. Chipwitikizi chimene chinandikwanira ndi ichi: bom dia m'mawa, boa tarde masana, obrigada pothokoza ngati ndinu mayi ndipo obrigado ngati ndinu bambo, quanto custa pofunsa mtengo, é caro ponena kuti zadula, paragem pofuna kutsika, água madzi, pão buledi. Manambala ndinkalemba pa foni n'kuonetsa. Moni yambani ndinu nthawi zonse, chifukwa kumeneko munthu wofunsa njira asanapereke moni amamuyankha ndi chibwano.

Kwa amayi oyenda okha: ndalama gawani patatu, ina m'kathumba ka m'chiuno, ina pa foni, yochepa m'chikwama choonekera. Pasipoti ijambuleni ndipo chithunzi mutumize kwa m'bale. Fikani pamalo dzuwa lisanalowe, ndipo munthu amene mukupitako adziwe basi imene mwakwera. Malungo a m'mphepete mwa nyanja ndi a ku Zambezi si ocheza nawo, makamaka kwa inu amene mwakhalitsa ku Gauteng thupi linaiwala udzudzu. Mukamva kuphwanya m'thupi ngakhale patapita sabata ziwiri, kayezetseni ndipo muwauze kumene munadzera.

Muzifunsanso za mtendere musananyamuke. Ine ndinadutsa zinthu zili bata, koma chisankho cha October 2024 chitachitika kunabuka zionetsero, misewu inatsekedwa, ndipo mu November boda ya Lebombo inatsekedwa kwa kanthawi. Nkhondo ya ku Cabo Delgado, imene inayamba mu 2017, ili kutali ndi njira imeneyi, koma nkhani za msewu zimasintha tsiku limodzi. Wodziwa zoona ndi dalaivala amene wadutsa dzulo.

Sindikunena kuti aliyense asiye katundu azikayenda. Ambiri a ife tsiku limodzi lopanda malonda ndi tsiku lopanda ndiwo. Koma m'mafoni mwathu muli manambala a anthu a ku Musina, Masvingo, Chimoio, Tete ndi Chipata amene anatisungirapo katundu, anatibwerekapo ya msonkho, kapena anatigoneka basi itafa. Nthawi zambiri timawaimbira zinthu zikavuta. Ngati mwezi wina geni yaima, kapena masamu akana monga anakanira kwa ine, sankhani mmodzi amene ali pa njira yanu, mutsike basi, mugone kwawo usiku umodzi. Mutenge kope, chifukwa msika wa kwawo mudzauona ndi maso a munthu amene sakuthamangira ngolo. Ndipo ngati pali wachikulire amene anakuchitirani zabwino, musadikire kuti mpamba ukule kaye.

Achimwene amene mwadutsa pakati pa Save ndi Inchope mwezi uno, tiuzeni mmene msewu uliri pano, pali amayi awiri amene akufuna kunyamuka kumapeto kwa mwezi. Muyende bwino nonse, ndipo amene muli pamzere, Mulungu akutsegulireni geti msanga.